Kukonza sewero loti limveke mpaka mzere womaliza popanda maikolofoni

Masewero ambiri a m'masukulu, m'matchalitchi ndi m'magulu a achinyamata sawonongeka chifukwa choti nkhani yake ndi yozizira. Amawonongeka chifukwa anthu a kumbuyo sakumva. Zikadutsa mphindi khumi osatolapo kanthu, amayamba kucheza zawo, phokoso limasefukira pakati, osewera nawo amayamba kukuwa kuti alipose, ndipo pofika pamenepo palibenso amene akutsatira nkhani. Malangizo awa ndi a gulu lomwe lili ndi sewero la mphindi 40 kapena 50, anthu osapitirira 20, milungu 6 yokonzekera, ndipo lilibe magetsi odalirika kapena zokuzira mawu. Chilichonse chomwe chili m'munsimu muzichiyeza ndi munthu mmodzi: gogo amene wakhala pa benchi yomaliza. Iyeyo akamva ndi kuona, ndiye kuti onse amva.

Yambani ndi malo, nkhani ibwere pambuyo

Agiriki akale anali ndi vuto lomweli, koma lalikulu kuposa lanu. Mu mzinda wa Athens, m'zaka za m'ma 400 Khristu asanabadwe, masewero ankachitika masana, panja, pa chikondwerero cha mulungu wawo Dionysus, pamaso pa anthu zikwizikwi. Bwalo la zisudzo la ku Epidaurus, lomwe lilipobe mpaka lero, linkakwana anthu pafupifupi 14,000. Anathana nalo vutoli ndi zinthu zitatu: oonera ankakhala pamalo otsetsereka m'mbali mwa phiri, ankazungulira bwalo lathyathyathya la mamita pafupifupi 20 m'mimba mwake, ndipo kumbuyo kwa osewera kunkakhala kanyumba kotchedwa skene, momwe ankasinthiramo zovala. Zitatu zonsezi mungazipeze pa sukulu ina iliyonse.

Fufuzani khoma. Khoma la kalasi kapena la tchalitchi likakhala kumbuyo kwa osewera, limabweza mawu kupita kwa oonera, limatchinga mphepo, komanso limakupatsani pobisalira: osewera amatulukira kumbali zake ziwiri. Aime pa mtunda wa mamita awiri mpaka asanu kuchokera pakhomapo. Ngati malowo ndi otsetsereka, osewera akhale kumunsi, oonera kumtunda. 

Panja, mtunda ukawirikiza kawiri, mphamvu ya mawu imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. N'chifukwa chake kakhalidwe ka anthu n'kofunika kuposa kukula kwa mawu a wosewera. Anthu 300 mukawaika m'mizere ya anthu 15, mupeza mizere 20, ndipo womaliza akhala pa mamita pafupifupi 18. Anthu omwewo mukawazungulitsa mbali zitatu, anthu 40 pa mzere, mizere ikhala 8 yokha ndipo womaliza ali pa mamita 7 kapena 8. Ana akhale pa mphasa kutsogolo, akuluakulu pa mabenchi, oimirira kumbuyo. Lembani malire a bwalo ndi phulusa kapena laimu, mamita 6 m'lifupi ndi 5 kuloza kukhoma, ndipo siyani njira imodzi ya mita imodzi pakati pa oonera. Mukapanda kulemba malire, ana amasendera pang'onopang'ono mpaka wosewera kusowa poponda.

Dzuwa likhale kumsana kwa oonera. Sewero la masana, kuyambira 2 koloko kapena 3 koloko, limafuna kuti oonera ayang'ane kummawa, osewera ayang'ane kumadzulo. Osewera adzadandaula kuti likuwathobwa, koma nkhope zawo zidzaoneka bwino. Mukatembenuza, oonera amangoona zithunzithunzi zakuda. Musachedwe kuyamba, chifukwa kwathu kuno pofika 6 koloko kwada. Mphepo nayo muiganizire, makamaka miyezi ya mwera, June mpaka Ogasiti: iziwomba kuchokera kwa osewera kupita kwa oonera.

Holo ili ndi misampha yake. Maholo ambiri a sukulu ali ndi siteji yonga bokosi kumapeto kwa chipinda chachitali. Kamangidwe kameneka kanachokera ku Italy. Nyumba ya zisudzo ya Teatro Farnese ku Parma, yomangidwa mu 1618, ndi imodzi mwa zakale kwambiri zomwe zili ndi chimango chotere. Inapangidwira zithunzi zojambula ndi nyali, osati mawu a mwana wa Fomu 2. Mawu ambiri amakwera m'denga la bokosilo osatuluka. Ngati mulibe zokuzira mawu, tsikani pa siteji, sewererani pansi chakutsogolo kwake kapena m'mbali mwa khoma lalitali, mipando muizungulitse. Ngakhale ku Globe, komwe gulu la Shakespeare linkasewera ku London kuyambira 1599, siteji inkalowa pakati pa anthu ndipo ankaizungulira mbali zitatu. Dziwaninso kuti holo yopanda anthu imabweza mawu kwambiri, koma ikadzaza, matupi ndi zovala zimawameza. Zomwe zinkamveka bwino pa pulakatisi zidzachepa pa tsikulo. Ndipo ngati denga ndi la malata opanda siling'i, m'nyengo ya dzinja khalani ndi nyimbo yoti gulu liyimbe mvula ikakula, chifukwa palibe mawu a munthu amene angapose mvula pa malata.

Nkhani ndi anthu ake

Aristotle, katswiri wakale wa Chigiriki, analemba kuti mlembi wa masewero Aeschylus ndiye anawonjezera wosewera wachiwiri, ndipo mlembi mnzake Sophocles anawonjezera wachitatu. Pamenepo anaima: osewera atatu okha, onse amuna, ankagawana mbali zonse za sewero posintha zigoba. Phunziro lake kwa ife ndi loti pa nthawi imodzi, olankhula asapitirire atatu. Chithunzi cha msonkhano wa pamudzi momwe anthu asanu ndi awiri akulandizana mawu chimasokoneza gogo uja, chifukwa pomwe akupeza amene akulankhula, mawu apita kale kwa wina.

Nanga ena onse m'gulu achite chiyani? Akhale kolasi. M'masewero awo achisoni, Agiriki anali ndi gulu la anthu 12, pambuyo pake 15, lomwe linkayimba, kuvina ndi kuthirira ndemanga pa zomwe zikuchitika, nthawi zambiri ngati akuluakulu a mumzinda kapena amayi a pamalopo. Ife izi sitichita kuphunzira kwa wina. Wonena nthano akati “Padangokhala,” tonse timadziwa kuyankha kuti “Tili tonse,” ndipo nyimbo zathu zapamtondo, zapamaliro ndi zapachinamwali zili ndi wotsogolera ndi ovomera. Kolasi ya anthu 8 mpaka 12 imagwira ntchito zinayi: imatsegula sewero ndi nyimbo yomwe imakhazika anthu chete, imaphimba nthawi yosintha katundu, imabwereza mfundo yomwe mwina a kumbuyo anaiphonya, ndipo imasanduka chilichonse chomwe mukufuna, kaya khamu la pamsika, mpanda kapena mtsinje. Kolasi ikamalankhula pamodzi, mawu asapitirire asanu kapena asanu ndi limodzi pa mpweya umodzi, ndipo mmodzi akhale wopumira onse: iye akakoka mpweya mooneka, onse ayambe. Popanda zimenezi zimamveka ngati kalasi ikuloweza.

Musanagawe mbali, werengani sikiripiti yonse mokweza wina atagwira wotchi, kenako onjezerani gawo limodzi mwa magawo anayi a nthawiyo chifukwa cha kuyenda, nyimbo ndi kuseka. Ngati yapitirira, dulani tsopano. Kudula mlungu wachinayi kumapweteka munthu amene waloweza kale. Choyamba kudula ndi malonje. Pamudzi malonje ndi ulemu, koma m'sewero “Odi,” “Fikani,” “Mwaswera bwanji,” “Kaya anzathu,” kubwerezedwa pa chithunzi chilichonse kumadya mphindi zambiri. Siyani malonje pokhapo pomwe akunena kanthu, monga pomwe mpongozi wakana kuyankha moni.

Ngati sewerolo analemba ndi wina, pemphani chilolezo kwa mwini wake. Bungwe la COSOMA ndi lomwe limaona za umwini wa zolemba m'Malawi. Ngati mudzalipiritsa pakhomo, funsani msanga za chiphaso ku ofesi yoona za zisangalalo ya Censorship Board. Ngati ndi pabwalo la mudzi, kaonekereni kwa amfumu milungu iwiri isanakwane, osati dzulo lake.

Kagawidwe ka milungu 6

Kumanani kanayi pa mlungu, maola awiri. Pulakatisi ya tsiku lonse Loweruka lokha siipindula, chifukwa thupi limaiwala pakati pa mlungu.

Mlungu woyamba ndi wokhala pansi: kuwerenga, kufunsana, kugawa sewero m'tizigawo ta mphindi ziwiri kapena zitatu, chilichonse ndi dzina lake. Wachiwiri ndi wachitatu ndi yoika mayendedwe, pepala lili m'manja, ndipo aliyense alembe ndi pensulo pomwe akulowa, kukhala ndi kutembenuka. Tsiku loyamba la mlungu wachinayi mapepala onse pansi, popanda kukambirana. Tsiku limenelo zidzakhala zoipa, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Mukalisuntha kamodzi, ena adzafika nalo pepala mpaka mlungu womaliza, ndipo munthu wogwira pepala sayang'ana mnzake. Wachisanu muzidutsa sewero lonse osaima, pamalo enieni, ndi katundu yense. Wachisanu ndi chimodzi mudutse kawiri ndi zovala, pa ola lomwelo lomwe mudzasewere, ndipo kamodzi muitane anthu khumi osadziwa nkhaniyo, akhale kumbuyo kwenikweni, pomaliza akufotokozereni zomwe amva. Pomwe afotokoza molakwika ndi pomwe pali ntchito.

Dayilekita asakhale kutsogolo. Kuyambira mlungu wachiwiri akhale pomwe padzakhale gogo uja, ndipo azisuntha mbali zonse zitatu. Pakhalenso munthu mmodzi wosasewera, woyang'anira siteji, wosunga buku lomwe muli mawu onse, mayendedwe ndi mndandanda wa katundu. Poloweza malaini, wosewera aloweze pamodzi ndi mawu atatu omaliza a mnzake. Ambiri amene amaima pakati pa sewero sikuti aiwala mawu awo. Aiwala pomwe akulowera.

Mawu

Apa ndi pomwe pali ntchito yaikulu, ndipo mphindi 20 zoyamba za pulakatisi iliyonse zikhale za mawu basi.

Kukweza mawu ndi kukuwa n'zosiyana. Wokuwa amafinya pakhosi, mawu amakwera n'kukhala opyapyala, ndipo pofika tsiku lachitatu asasa. Wokweza amakankha mpweya kuchokera m'mimba, khosi lili lomasuka. Kuti wosewera aimve kusiyana, agone chagada pa mphasa, buku lolemera pamchombo. Akakoka mpweya, buku likwere, mapewa asasunthe. Atulutse ndi “sss” akuwerenga mumtima. Woyamba kumene amafika pa 12 kapena 15, ndipo pofika mlungu wachinayi azifika pa 25. Kenako aimirire, manja m'nthiti zam'munsi, achite zomwezo. Atatero ang'ung'udze “mmm” mpaka milomo ichite kunyerenyetsa, atsegule kukhala “maaa,” ndipo mawuwo awaponye kwa mnzake amene waima pa mamita 5, kenako 10, kenako 15. Aziyang'ana munthu weniweni. Mawu amapita komwe maso apita. Wosewera woyang'ana mzere woyamba amalankhulira mzere woyamba.

Chichewa chili ndi zinthu zitatu zomwe wosewera ayenera kuzisamala, zomwe mabuku a zisudzo ochokera kunja sangakuuzeni. Choyamba, timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, ndipo lomaliza timalimeza. Pocheza sizivuta, koma pa mamita 10 “apita” ndi “apite” n'chimodzimodzi, ndipo “abwera” sasiyana ndi “abwere,” pomwe wina akunena zomwe zachitika, wina akulamula. Phunzitsani osewera kumaliza liwu lililonse, makamaka lomaliza m'chiganizo, pomwe mpweya umakhala utatha. Chachiwiri ndi zilembo za mpweya. Phala ndi pala, khola ndi kola zimasiyana ndi kampweya kakang'ono komwe kamatayika msanga panja. Gwiritsani ziganizo zopinda lilime, monga “Mphaka wapha mphemvu pa mphasa” kapena “Nkhuku ya ankhoswe yakhala pa nkhokwe,” katatu pang'onopang'ono, katatu mofulumira. Chachitatu ndi kukwera ndi kutsika kwa mawu. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timazisiyanitsa ndi kamvekedwe, ndipo nthawi za aneni zambiri zimadaliranso pomwepo. Munthu akakuwa, mawu onse amakwera mofanana n'kuphwanya kusiyanaku. Ichi n'chifukwa china chomwe wokuwa samveka ngakhale ali ndi phokoso.

Liwiro lichepe kuposa la pocheza, koma osati pokoka liwu lililonse. Chepetsani poika kampata pakati pa ganizo ndi ganizo. Ndipo kampata pakati pa wosewera ndi mnzake kachotsedwe: wina akamaliza, wina alowe pomwepo, pokhapokha ngati chete ameneyo ali ndi tanthauzo. Sewero lomwe likumveka lochedwa nthawi zambiri vuto lake si kulankhula pang'onopang'ono, koma timipata ta masekondi awiri pakati pa malaini.

Chinsinsi kapena kunong'ona pa siteji kumachitika ndi thupi: kuwerama, kuyang'ana uku ndi uku, kusendera pafupi, mawu ali okwera ndithu koma odzaza mpweya. Kulira nakonso kusameze mawu. Lankhulani kaye, lirani pambuyo. Wosewera akasasa mawu, apume osalankhula tsiku lonse ndi kumwa madzi ambiri. Kunong'ona sikupumitsa khosi, kumalitopetsa.

Kaimidwe

Osewera atatu akasiyidwa okha amaima pa mzere umodzi ngati ali pa asembule. Aikeni ngati mafuwa, mmodzi chakumbuyo, awiri chakutsogolo m'mbali. Amene ali chakumbuyo ndiye ali ndi mphamvu, chifukwa nkhope yake ikuoneka kwa onse ndipo anzake amakakamizika kutembenukira kwa iye. Choncho pamalo amenepo paime mwini chithunzicho. Wosewera wina akamabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mnzake akulankhula, akumubera anthu, kaya akudziwa kaya sakudziwa. Dayilekita amuletse msanga.

Anthu awiri olankhulana asayang'anizane mphuno ndi mphuno. Aliyense atsegule phewa la kwa oonera, phazi la mbali imeneyo libwerere pang'ono, kuti chifuwa chioneke. Polozera kapena kunyamula kanthu agwiritse dzanja lakutali ndi oonera kuti asadzitchinge. Pomwe anthu azungulira mbali zitatu, simungapewe kufulatira ena, ndiye lamulo lake ndi loti musafulatire anthu omwewo nthawi yaitali. Pakatha malaini anayi kapena asanu, pakhale chifukwa chosunthira. Ndipo asiyane mamita awiri kapena atatu ngakhale akukangana. Akagundana, amatsekerana, ndipo simudzakhalanso ndi posendera mkangano ukafika pachimake.

Mwambo wathu wokhala pansi ndi kugwada umafuna nzeru. Mayi akakhala pa mphasa, mzere wachitatu kupita kumbuyo samuonanso. Mphasa muiyale chakumbuyo pafupi ndi khoma, osati kutsogolo, kapena muiike pa mabenchi awiri ophatikiza. Wogwada agwade mawondo ali chiimire, anene mawu ake ofunika nkhope ili m'mwamba, awerame akamaliza. Ulemu uoneka ndithu.

Chomwe munthu akufuna

Konstantin Stanislavski, amene anayambitsa nawo Moscow Art Theatre mu 1898, anasiya njira yomwe masukulu ambiri a zisudzo akugwiritsabe ntchito. Mutu wake ndi woti wosewera asasewere mmene munthu akumvera. Asewere chomwe munthuyo akufuna. Mukauza mwana kuti “kwiya,” adzatuzula maso, kupumira m'mwamba ndi kuloza chala, zomwe anaona kwa ena. Mukamuuza kuti “ukufuna munthu uyu atuluke m'nyumba muno asanaone chomwe chili kuseri kwa chitseko,” thupi lake lipeza lokha chochita.

Titenge chithunzi chimodzi. Mayi wamasiye wakhala pakhonde, patha mlungu chiikire maliro, ndipo mchimwene wa malemu wafika. Mawu ake ndi awa: “Alamu, ndangobwera kudzaona ana.” Mayi akuyankha: “Mwachita bwino, alamu. Ana ali kusukulu.” Gulu losazolowera limasewera bamboyo ngati chigawenga kuyambira polowa, mawu okalipa, maso ofiira. Zikatero nkhani yatha isanayambe. Funsani wosewerayo mafunso anayi: ndiwe yani, wachokera kuti pompano, ukufuna chiyani, n'chiyani chikukutchinga? Tinene kuti akufuna makina osokera omwe ali m'nyumba, ali ndi ngongole, ndipo chomutchinga ndi manyazi. Ndiye avule chipewa, akhale pampando mwaulemu, alankhule mofatsa, koma pa liwu loti “ana” maso ake apite pachitseko kamodzi kokha. Mayiyo akufuna kuti bamboyu asalowe m'nyumba popanda kumunyoza. Ndiye akamayankha, asendeze lichero lake la nyemba pang'ono mpaka likhale pakhomo penipeni, n'kupitiriza kusankha. Palibe amene wakuwa, koma bwalo lonse liyamba kung'ung'udza, chifukwa aliyense waona.

Onani kuti zochita ziwirizi, kuyang'ana chitseko ndi kusendeza lichero, n'zazikulu mokwanira kuoneka pa mamita 10. Apa ndi pomwe sewero la pabwalo limasiyana ndi la pa TV. Kamera imaona chikope chikagwedezeka; gogo wathu amaona mutu wonse ukatembenuka. Chomwe chili mumtima chikhale choona, koma chituluke kudzera m'khosi, m'mapewa, m'manja ndi m'katundu. Chitani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi: yang'anani, imani, kenako lankhulani. Ndipo amene sakulankhula asamangodikira laini yake. Azimvetsera ngati akumva koyamba, osagwedezagwedeza thupi, chifukwa diso la oonera limathamangira chomwe chikuyenda.

Wanthabwala ali ndi chiyeso chake. Anthu akaseka kamodzi, amafuna kuwonjezera zomwe sizinali pa pulakatisi, ndipo chithunzi cha maliro chimasanduka chisangalalo. Gwirizanani kuti zatsopano zonse zimayesedwa pa pulakatisi, osati pamaso pa anthu.

Ndewu, imfa ndi katundu

Agiriki kawirikawiri sankaonetsa kuphana pa bwalo. Zinkachitikira kuseri, ndiye mthenga ankabwera kudzafotokoza. Njirayi ndi yabwinobe, makamaka kwathu komwe munthu akagwa n'kufa pa siteji anthu amaseka, chifukwa akuona mimba ikupuma. Kukuwa kumodzi kuseri kwa khoma, chete, kenako mwana wothamanga kudzanena zomwe waona, kumagwira mtima kuposa magazi a utoto.

Ngati mbama ikufunika, isafike pa tsaya. Womenya aime mofulatira pang'ono oonera, dzanja lidutse masentimita 15 kuchokera pankhope, womenyedwa atembenuze mutu, ndipo phokoso lichokere kwa iye mwini powomba m'manja chakumunsi kapena kwa wina wa m'kolasi. Pokokana tsitsi kapena malaya, wokokedwa ndiye amagwira dzanja la mnzake n'kudziyendetsa yekha. Yambani pa liwiro la kamba, maso ayambe akumana, ndipo muziibwereza tsiku lililonse musanayambe. Chikwanje, mpeni ndi khasu zikhale zosema pa mtengo wopepuka kapena katoni yopaka utoto. Botolo likhale la pulasitiki. Moto weniweni ayi.

Katundu akhale wochepa: benchi imodzi, mipando iwiri, mphasa. Benchi yomweyo ikhale bedi, basi, ndi bokosi la mboni kukhoti. Kusintha malo kusapitirire masekondi 20, kolasi ikuyimba. Aliyense avale chakuda kapena chamtundu umodzi, ndiye awonjezere chinthu chimodzi chonena kuti ndi yani: duku, jekete, mkanda, ndodo. Imvi za ufa kapena paudala zimagwira bwino mukayamba mwapaka mafuta pang'ono m'tsitsi, koma ndevu za makala zimayenderera ndi thukuta la mwezi wa Okutobala. Ukalamba uonekere m'mawondo ndi m'chiuno. Kuseri yalani chitenje pansi, katundu aliyense akhale ndi malo ake, ndipo wina asagwire cha mnzake.

Za zigoba tinenepo mosapita m'mbali. Chigoba chimathandiza wosewera mmodzi kukhala anthu angapo, ndipo mungapange ndi mapepala ndi phala la ufa wa chinangwa. Chisiye pakamwa poyera kuti mawu atuluke, ndipo wovala azitembenuza mutu wonse, chifukwa chigoba chimalankhula chikayang'ana kutsogolo. Koma musatengere maonekedwe, mayina kapena nyimbo za Gule Wamkulu. Umenewo ndi mwambo wa eni ake, uli ndi malamulo ake, ndipo si zovala za sewero. Pangani nkhope zanuzanu.

Tsiku lake

Fikani maola awiri isanakwane nthawi. Sesani bwalo, chotsani miyala, wazani madzi ngati pali fumbi, chifukwa fumbi la ovina limalowa pakhosi pa olankhula. Woyang'anira siteji awerenge katundu ndi mndandanda m'manja. Mphindi 30 zomaliza gulu lonse litenthetse thupi ndi mawu kuseri, lidutse nyimbo yoyamba ndi ndewu. Ikani anthu awiri akuluakulu m'mbali kuti aziyang'anira ana. Oyamba ndi ng'oma ndi kolasi, osati munthu mmodzi wolankhula, ndipo mphindi zitatu zoyamba musaikemo mfundo yomwe nkhani yonse yatsamirapo, popeza anthu amakhala akukhazikika.

Anthu akaseka, dikirani. Khalani mu chomwe mukuchita, kuseka kukafika pamwamba n'kuyamba kutsika, lowani ndi mawu amphamvu. Mukalankhula m'kati mwa kuseka, laini yatayika, ndipo anthu amaphunzira kusaseka poopa kuphonya. Oonera athu amayankha, amalangiza, amadzudzula mlamu uja mokweza. Musawaletse, ndi umboni woti akutsatira. Wosewera angathe kuyang'ana komwe kwachokera mawuwo, kudikira kamphindi, n'kupitiriza. Magulu otengera njira ya Augusto Boal wa ku Brazil, komanso a Travelling Theatre ya ku Chancellor College ku Zomba omwe ankapita ndi masewero m'midzi, anachita kumangirapo pa khalidwe limeneli, kufunsa anthu kuti munthu wa m'sewero achite chiyani. Ngati mukufuna kutero, sankhiranitu malo amodzi oimira, funso limodzi, ndi munthu mmodzi wodziwa kubweza nkhani m'manja mwa osewera pakatha mphindi zisanu.

Wina akaiwala laini, mnzake asamunong'oneze, chifukwa mzere woyamba umamva. Amufunse funso ali m'khalidwe la munthu wake: “Alamu, paja mumati mwabwera kudzatani?” Chinthu chikagwa pansi, amene ali pafupi achitole monga mmene munthu angachitire kunyumba, chikasiyidwa, maso onse amakhala pa icho mpaka chithunzi chithe. Kugwadira anthu pomaliza nakonso muyeserere: mzere umodzi, kuwerama kamodzi mbali iliyonse mwa zitatuzo, kutuluka ndi nyimbo m'manja musanaleke kuwombedwa. Woyang'anira siteji alembe nthawi yomwe sewero latenga ndi malo omwe a kumbuyo anayamba kucheza, ndipo pulakatisi yotsatira iyambire pa malo amenewo.